Mboni Yanga Inali Kavalo

Tinanyamuka ku Columbia Heights m'mawa wa Loweruka, mwezi wa Okutobala, kunja kukuzizira moti ukapuma pakamwa pankafuka utsi. Tinalipo atatu: ine, mwana wanga Tiyamike wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi alamu anga a Gelesomu, achimwene a malemu mkazi wanga. Tinkapita kukaona akavalo kumidzi ya ku Virginia. Wina akamva choncho aziti unali ulendo wokapitidwa mphepo. Ayi ndithu. Ine ndinkapita ku mlandu, ndipo mboni yanga inali kavalo.

Ndifotokoze kaye mlanduwo. Munali m'zaka zoyambirira za m'ma 1980. Mkazi wanga Esinati anamwalira chaka chomwecho, mitengo ikungoyamba kuphuka masamba. Mtembo tinautumiza kwawo ku Mchinji, koma ine sindinauperekeze, chifukwa mapepala anga okhalira m'dziko muno anali atasokonekera nditamaliza sukulu. Ndikanatuluka, kukanakhala kutulukiratu. Patapita miyezi, a Gelesomu anabwera ku Washington kudzachita maphunziro a milungu yochepa kubanki ina yaikulu, ndipo akuchikazi anawasenzetsa ntchito yachiwiri, yoti pobwerera abwere ndi mwana.

"Mwanayu ali ndi eni ake, alamu," anatero tsiku lomwe anafika kwanga, jekete asanavule n'komwe. "Mbumba ndi yanga. Inu mbali yanu munachita, tikuthokoza."

Tikuthokoza! Ngati ndine mmisiri woti ndamaliza kufolera nyumba ya eni.

Malamulo a kuno anali kumbali yanga, ndinkadziwa. Koma munthu wa mapepala osalongosoka sapita yekha kukagogoda kubwalo la milandu. Anzathu a kumudzi amene tinkapemphera nawo m'nyumba ina ku Alexandria nawonso anandigwetsa ulesi, onse ankangoti mwambo ndi mwambo, tisauchite manyazi poti tili kunja. Kampata kanali kamodzi kokha. Nditalimbalimba, alamu anati, "Mukandionetsa chifukwa chomveka, choti ine n'kukaima nacho pamaso pa amayi, mwanayu ndimusiya. Koma ndege yanga ndi ya Lachiwiri."

Tsono akavalo akubwera bwanji m'nkhaniyi? Ine ndinkagwira ntchito pakampani ina yosindikiza mabuku ku Alexandria, ndipo ntchito yanga inali kupinda timabuku ta malonda. Zaka zimenezo anthu olemera a kuno anali atapenga ndi akavalo achiarabu, ndiye timabuku tawo tinkabwera milumilu. Pachikuto nthawi zonse pankakhala mphongo, khosi lili njo, mchira m'mwamba. Mkati ankalemba kuti uyu ndi mwana wa mphongo yakutiyakuti yochokera ku Igupto, mdzukulu wa mphongo ina ya ku Poland, ndipo ana ake apambana uku ndi uku. Bambo, bambo, bambo basi. Ndinawakonda akavalowo ndisanaonepo ndi mmodzi yemwe, ndinaloweza mpaka maina a azigogo awo.

Alamu anga nawo ndi munthu wa ziweto. Anakula akuweta ng'ombe, anaphunzira za ulimi, ndipo chimene wanena mzungu wodziwa ziweto amachikhulupirira kuposa ulaliki wa Lamulungu. Tsiku lina bwana wanga atandipatsa kakhadi koitanira anthu kukaona mphongo yotchuka pafamu ina imene tinkaisindikizira timabuku, ndinati basi, Mulungu wandiyankha. Akaone ndi maso awo kuti anthu ophunzira, a ndalama zawo, magazi amawerengera kwa bambo.

Basi tinakwerera mumsewu wa 14, pafupi ndi nyumba zina zimene zinapsa kalekale n'kungozikhoma matabwa. Alamu anali atatchena suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa, ngati akupita kukalandira mendulo. Polowa anatulutsa dola yapepala n'kuima chilili kudikira chenje.

"Muno mulibe chenje, bwana," anatero dalaivala osawayang'ana n'komwe. "Ponyani zachitsulo kapena tsikani."

Ndinawaponyera masenti anga m'kabokosi. Anakhala pansi akung'ung'udza kuti dziko lolemera chonchi n'kusowa chenje, ngakhale kondakitala wa basi ya ku Mchinji amaposa pamenepa. Kusiteshoni ya sitima yapansi panthaka dola yomweyo inakanidwanso ndi makina ogulitsa matikiti. Akailowetsa, makina aja n'kuilavula. Aiwongole pabondo, ailowetse, ailavulenso. Tiyamike ndi amene anailanda, n'kuisisita pakhoma, makina n'kuimeza. Alamu anamuyang'ana monyadira n'kunena kuti nzeru zimenezo ndi za kwawo.

Tinatsikira ku Rosslyn, tsidya la mtsinje, n'kukwera masitepe oyenda okha aatali zedi, alamu atagwira chipewa dzanja lina, lina atakakamira m'mbali. Kumtunda kunali kutatidikira a Zulu, mnzanga wa ku Zambia wokhala ku Arlington, amene anandibwereka galimoto lake. Linali chigalimoto chakale chabulauni, chachitali ngati bwato.

"Ba Phiri, motoka iyi siifuna kuthamangisiwa," anatero akundipatsa makiyi. "Mukamvela yayamba kukosomola, imililani chabe ipumuleko. Manje muyenda kutali konse uku kukaona mahachi yamene simuzakwela?"

Kenaka anatembenukira kwa alamu, n'kuwapatsa moni wa manja awiri. "Aba ndiye ba malume? Nkhani yanu ninaimvela. Ba Phiri, imwe vuto yanu ni imozi, munakwatila mahala. Ise Angoni timalobola. Sembe munapeleka ng'ombe, sembe lelo mulibe nkhani."

Anaseka yekha, alamu n'kumwetulira pang'ono. Ine ndinangoliza galimoto. Kwathu ku Dowa sitilowola, ndipo tsiku limene ndinkakwatira ndinkaona ngati ndi mwayi.

Tinalowa msewu wa 50 kulunjika kumadzulo, dzuwa lili kumsana. Kuchokera ku Arlington mpaka kupitirira Fairfax ndi masitolo okhaokha, malo ogulitsira magalimoto, ndi maloboti oti ukangonyamuka ena akuimitsanso. Alamu anakhala kumbuyo ndi mwana, ine kutsogolo ndekha ngati dalaivala wolembedwa ntchito. Njira yonse ankamuphunzitsa Chichewa. Tiyamike Chichewa ankamva chonse, koma kuyankha ankayankha m'Chingerezi, ngati ana onse obadwira kuno. Mayi ake anayesa, ine ndinayesa, mpaka tinangozisiya.

"Icho n'chiyani, Tiyamike?" ankafunsa alamu tikadutsa munda.

Iye ankayankha m'Chingerezi.

"Iyayi, chimanga. Tanena, chi-ma-nga."

Mwana ankangoseka n'kubisa nkhope m'jekete la amalume ake. Ine mumtima ndinkati limbikirani, muona.

Chakumadzulo kwa Chantilly nyumba zinayamba kutalikirana, ndipo tinaima pakanyumba kodyera ka m'mbali mwa msewu. Tinaitanitsa mazira, soseji, ndi zitumbuwa zawo zija zaphwatalala zothira uchi wa mitengo. Khofi ankangowonjezera osafunsa, alamu mpaka anaphimba kapu ndi dzanja poopa kuti alipiritsidwa kapu iliyonse. Mayi woperekera zakudya, wonenepa bwino, wansangala, atamva kumene tinkapita anapukusa mutu.

"Kwa anthu a akavalo? Akavalo amenewo amadya bwino kuposa ana anga. M'nyengo yozizira amawafunditsa mabulangete, ine wanga ndi wazigamba."

Kenaka anawerama n'kumugwira Tiyamike patsaya. "Koma iwe ndiye wafanana ndi bambo ako bwanji! Mphumi yomweyo, maso omwewo."

Ankayang'ana a Gelesomu.

Abale inu! Zinali zoona, mwanayo anatenga nkhope ya mayi ake, ndipo mayi akewo ndi achimwene awo anali ngati anawadinda pachikombole chimodzi. Ndinadikira kuti alamu akonze. Anangoti zikomo kwambiri, n'kupitiriza kudula soseji. Tiyamike ndi amene analoza ine n'kunena kuti dadi ake ndi awa. Mayi uja anapepesa, koma chakudya chinali chitandithera kale kukoma.

Kupitirira Aldie dziko linasintha. Zitunda zobiriwira, mitengo itafiira psuu ina chikasu, mipanda ya miyala ndi ya matabwa yoyenda mtunda wautali osakhota. Alamu anasiya zophunzitsa, mphuno anaiika pagalasi. Ankawerenga msipu ndi maso, n'kumadandaula kuti udzu wonsewu ukungodyedwa ndi nyama yosakamidwa, yosalima, yosadyedwa. Tinadutsa m'katauni ka Middleburg, ka nyumba za miyala ndi masitolo ogulitsa zishalo, n'kukhotera kumsewu wafumbi. Pafamupo tinafika dzuwa lili pamutu.

Pabwalo panali magalimoto onyezimira okhaokha. Bambo woimika magalimoto atayang'ana bwato lathu, anatilozera kuseri kwa shedi ya udzu wouma. Sindinadandaule, ndinali ndi zazikulu mumtima.

Koma khola lake! Ine ndinaliona pazithunzi, komabe nditalowa ndinangoti kakasi. Pansi kapeti, kudenga nyale zagalasi zolendewera, zitseko za matabwa opolishidwa, pachitseko chilichonse dzina la kavalo lolembedwa pamkuwa. Fungo la ndowe ngakhale pang'ono. Alamu anavula chipewa pakhomo ngati akulowa m'tchalitchi.

"Alamu, muno amagonamo akavalo?" ananong'ona. "Nanga eni ake amagona potani?"

Anthu anali ambiri, azimayi a zipewa zazikulu, azibambo a nsapato zachikopa zofika m'mawondo. Akuda tinalipo ife ndi amene ankayenda ndi mathireyi. Pamathireyipo panali vinyo ndi timabisiketi tokhala ndi kachidutswa ka tchizi kochepa ngati chikhadabo. Bambo wina wa ndudu yaikulu ataona suti ya alamu anabwera kudzafunsa ngati tachokera kudziko la mafuta, ndipo ngati tabwera kudzagula. Alamu anayankha mwaulemu kuti lero tangobwera kudzaona kaye. Apo ndinaseka, ndipo kanali komaliza kuseka tsiku limenelo.

Anatikhazika pamipando mozungulira bwalo la utuchi. Nyale zinazima, nyimbo zinayamba, ndipo mkulu wina pachimkuzamawu anaitana dzina: Nadiri. Chitseko chinatseguka.

Ndisaname, chinthu chokongola chotero sindinachionenso. Kavalo woyera mbee, khungu lonyezimira, mutu waung'ono wolowa pang'ono pakati pa maso ndi mphuno, maso aakulu akuda bii, makutu osongoka. Khosi linapindika ngati chikwakwa. Sankayenda, ankachita ngati pansi pakumuotcha, mchira uli m'mwamba, mphuno zikufwenthera. Anaima pakati pa bwalo n'kulira, anthu onse m'manja phuphuphu. Tiyamike anandigwira dzanja mwamphamvu, pakamwa pali yasa.

Mkulu uja anayamba kutchula mtundu wake. Nadiri, mwana wa mphongo yakuti imene inabwera pandege kuchokera ku Igupto. Mdzukulu wa mphongo yakuti imene mafumu ankaikanganirana. Ana ake aamuna ali m'makola otchuka, ana ake aakazi akugulidwa asanabadwe. Anatchulanso mtengo woti munthu alipire kuti kavalo wake wamkazi akumane ndi Nadiri kamodzi kokha, ndalama zoti kwathu n'kumanga nyumba ya malata n'kutsalako.

Ndinawagunda alamu ndi chigongono. "Mwamva? Mwana wa uje, mdzukulu wa uje. Mwamvapo dzina la mayi pamenepa? Anthu awa si opusa, alamu. Akudziwa kumene magazi amachokera."

Alamu maso anali pa kavalo. Anapumira m'mwamba.

"Nyama iyi ndi nyama," anatero. "Ndipo mbewu yake ikuoneka ndithu, taonani ana akewo, mutu womwewo. Pali nzeru pamenepa, alamu. Tikambirana bwino pobwerera."

Chifikireni, aka kanali koyamba kuti anene mawu ofewa chotero. Munthu wanzeru akanatenga mwana, kutenga mlamu wake, kuliza galimoto n'kumapita. Koma ine ayi. Ndinafuna kukhomerera msomali mpaka mutu ulowe. Ndinati amve kuchokera pakamwa pa mwini wake weniweni, kuti akafika ku Mchinji asakasinthe mawu.

Mwini famuyo anali mayi wachikulire, wamtali, wa tsitsi la imvi ndi manja okhakhala, yekhayo amene sanavale chipewa. Chionetsero chitatha ndinadikira kuti anthu amuchepere, n'kuwakoka alamu ndi mwana kupita pamene anaima. Ndinadzitchula kuti ndine wa kosindikiza timabuku take, ndipo anandigwira chanza mosangalala.

"Mayi," ndinatero m'Chingerezi changa cha pa Sande, "alamu angawa ndi katswiri wa ziweto kwathu ku Africa. Tawauzeni inuyo, kavalo wachiarabu mtundu wake amatengera kwa yani?"

Anandiyang'ana, n'kuseka mokweza. "Tsiku lonseli anthu akungondifunsa mitengo. Inu nokha ndi amene mwafunsa funso lenileni. Tiyeni ndikuonetseni."

Anatitulutsira khomo la kuseri, kumene kunalibe kapeti. Tinaponda matope, alamu akukweza thalauzi la suti, mpaka tinafika pampanda wa dambo lina lalikulu. Mmenemo munali akavalo aakazi ambiri ndi ana awo, ena akuyamwa, ena akuthamangitsana. Mayi uja anaimba kamluzu. Kunabwera kavalo wokalamba, msana wolowa, mimba yogwa, diso limodzi lotuwa, ubweya wa mathothomathotho. Kumsika wa ziweto sindikanamuyang'ana kawiri. Mayiyo anamukumbatira khosi n'kumupsompsona pamphuno.

"Uyu ndi mayi wake wa Nadiri," anatero. "Zimene mwamva mkatimo ndi za anthu ogula, iwo amakonda mphongo chifukwa imaoneka bwino pachithunzi. Koma Aarabu a m'chipululu, eni ake a akavalowa, mtundu ankawerengera kwa mayi. Mayi, mayi wa mayiyo, mayi wa ameneyonso, mpaka kalekale. Banja la uyu limatchedwa Saklawi. Nadiri ndi Saklawi chifukwa cha uyu, osati chifukwa cha bambo wake. Ndipo ana a Nadiri satenga dzina limenelo kwa iye, aliyense amatenga la mayi wake. Mphongo ankatha kukaibwereka kwa anansi. Wamkazi ndiye ankasungidwa pakhomo ngati wa m'banja."

Ndinafuna kumutseka pakamwa, koma ndi chiyani? Ndinali nditamuitana ndekha.

Tiyamike anali atakwera pathabwa la mpanda, akusisita kamwana ka kavalo kamene kanabwera kudzamununkhiza. Anafunsa ngati aka ndi ka Nadiri. Mayi uja anati inde, pafupifupi onsewa ndi ake.

"Ndiye amabwera kudzasewera nawo?"

"Ayi, mwanawe. Iye amakhala yekha m'chipinda chake chija. Ana ake sawadziwa n'komwe. Amakula kuno ndi amayi awo ndi azakhali awo."

Alamu sanandiyang'ane. Akanaseka bwenzi zili bwino, ndikanapeza poyambira ndewu. Anangokonza tayi, n'kufunsa ndi Chingerezi chawo cha kubanki, mofatsa ngati ali m'kalasi.

"Pepani mayi, nanga mayi wake akafa, kamwana mumatani nako?"

"Timakafunira wamkazi wina m'gulu lomweli woti akalere. Kwa bambo wake sitingayerekeze n'komwe."

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero alamu akuwerama pang'ono. "Kwathunso timatero."

Mayiyo anasangalala kwabasi kumva kuti ku Africa kuli anthu odziwa zimenezi. Anatiperekeza mpaka pagalimoto, n'kumupatsa Tiyamike chithunzi cha Nadiri. Chinali cha pachikuto cha kamodzi mwa timabuku tomwe ndinapinda ndi manja angawa.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Ndinayendetsa mwaukali, kuiwala malangizo a a Zulu, ndipo tisanafike ku Aldie bwato lija linayamba kutsokomola. Ndinaliimika pambali, pafupi ndi kashedi kamene mlimi wina ankagulitsirapo maapozi. Ine ndi alamu tinatsika, mwana tinamusiya mkati. Ndinatsegula boneti, osati kuti ndimadziwa za injini, koma kuti ndipeze poyang'ana.

"Ine si kavalo," ndinatero.

"Ine sindinanene kuti ndinu kavalo, alamu. Mwatibweretsa kuno ndinu."

Pamenepo ndinaphulika. Ndinawauza kuti kavalo uja sanayambe wadzukapo kuti apukute mwana wotentha thupi. Kuti chimwalirire Esinati, tsitsi la mwanayo ndimaluka ndine, ndinachita kukaphunzira kwa mayi wa nyumba yoyandikana nayo, zala zanga zolimbazi. Kuti ndikudziwa nsapato imene imamuthina, chakudya chimene amachibisa pansi pa mbale, nyimbo imene amafuna akamaopa mabingu. Inu mukudziwa chiyani za iye? Mwamuona milungu ingati? Mukufuna mukamuike kumudzi kumene sadziwa ndi munthu mmodzi yemwe, kuti anthu akakutameni kuti a Gelesomu ndi mwamuna, anakatenga mbumba yawo ku Amereka!

Anandisiya mpaka mawu anandithera. Mlimi wa maapozi uja ankangotiyang'ana, osamva kanthu.

"Zonsezo ndi zoona," anatero alamu. "Ndaona ndi maso anga, mwanayu mumamusamala. Koma inu mukapita kuntchito ya madzulo amatsala ndi anthu a chilankhulo china. Tsiku limene a boma adzakugwireni chifukwa cha mapepala anuwo, adzatsala ndi yani? Mlongo wanga ndinamuika m'manda ndine, alamu. Bokosi linabwera lokhomakhoma, amayi sanaone ngakhale nkhope. Mdzukulu wawoyu sanamugwirepo chibadwire. Ine ndikatsike ndege manja lendelende, ndikawauze kuti chiyani?"

Mawu awo ananjenjemera, ndipo zinandipsetsa mtima koposa, chifukwa ndinkafuna akhale munthu woipa.

"Ndikufunseni chimodzi," anapitiriza. "Ana a achemwali anu ku Dowa, atatu aja, bambo awo ali moyo. Mwini wawo ndani?"

"Ndine."

Linatuluka lokha, ndisanaganize. Ndi mmene ndinakulira, ndi mmene ndikanayankhira aliyense, tsiku lililonse. Alamu anapita pakashedi paja n'kugula kathumba ka maapozi.

Galasi la galimoto linali lotsitsa, ndipo Tiyamike anali atamva zonse. Paja Chichewa ankamva. Alamu anasankha apozi lofiira, analipukuta pamkono wa suti, n'kumuitana kuti atsike adzalandire. Mwana anatsika, anayang'ana ine, anayang'ana iwo. Kenaka anatambasula manja onse awiri, n'kupinda maondo pang'ono, ndendende mmene ankachitira mayi ake polandira chinthu kwa akulu.

"Zikomo, amalume," anatero.

M'Chichewa. Zaka zonse zija ine kumupempha, kumunyengerera ndi maswiti, osandiyankhapo ndi liwu limodzi. Sindikudziwa ngati ankafuna kutiyanjanitsa kapena ankangoopa. Alamu anatembenuka n'kupukuta m'maso. Ine ndinamenyetsa boneti, galimoto n'kulira bwinobwino ngati silinadwalepo.

Ku Arlington tinafika dzuwa likulowa. A Zulu anatuluka ndi nthabwala zawo kufunsa kuti mahachi yanali bwanji, koma ataona nkhope yanga anangolandira makiyi. Ndinati anali okongola. Tinatsika masitepe aatali aja, tinakwera sitima, kenaka basi ya mumsewu wa 14. Ulendo uno alamu anali ndi masenti awo okwanira m'manja. Anakhala mpando wa kutsogolo, n'kutisiya awiri kumbuyo, ndipo pa chimenecho ndimawathokoza mpaka lero.

Tiyamike anatsamira paphewa langa, chithunzi chija chili pamiyendo. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Dadi," anatero m'Chingerezi, "ine ndikapita, muzikhala nokha ngati Nadiri?"

Ndinati ayi, ndili ndi anzanga ambiri, a Zulu, anthu a kutchalitchi. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti Nadiri bola ali ndi nyale zokongola. Anati akadzakula adzandigulira zonga zomwezo.

Tinatsikira pakona pathu, ine nditanyamula thumba la maapozi. Usiku wa Lolemba ndinamuluka tsitsi komaliza, mizere yokhotakhota monga mwa nthawi zonse, ndipo Lachiwiri anakwera ndege atagwira dzanja la amalume ake.

Amene mukufuna kukaona akavalo achiarabu, pitani, msewu ndi womwewo wa 50, ndipo ndi okongoladi. Koma mukaonere mkati mwa khola, pakapeti, muombe m'manja n'kubwerera. Kuseri kuli matope, ndipo kumanenedwa zoona. Ine chimene ndinaphunzira n'choti mwambo umene ndinkauthawa sunali ku Mchinji kapena m'chipululu cha Aarabu. Unali m'kamwa mwanga momwe, ukungodikira kuti wina andifunse.

Lachitatu ndinapita kuntchito. Patebulo langa panali mulu watsopano wochokera kufamu ija, Nadiri ali pachikuto, khosi njo, yekhayekha. Ndinamupinda bwinobwino, nkhope kunja, monga anandiphunzitsira.